Matemba Olira pa Foni

Ku Kachulu kuli amayi ena ake oumitsa matemba, amene maso awo anafiira kalekale ndi utsi. Zaka makumi atatu akhala akuwamba nsomba pamoto, koma lero nkhuni sagulanso. Amayanika m'chitenti cha pulasitiki chosunga kutentha kwa dzuwa, ndipo ogulitsa nkhuni akamadandaula amawayankha kuti, "Dzuwa silinandikhosomoletsepo ine."

Kulemba satha, koma foni saiopa. Amajambula matemba n'kutumiza mawu kwa ogula a ku Limbe amene sanawaonepo nkhope, ndipo sayamba za malonda asanafunse za ana.

Tsiku lina wogula wawo wamkulu anafuna kuwasiya. Anaimba foni n'kunena kuti chithunzi chimanama, poti ena anamutumizira nsomba zosauma zimene zinaolera m'thumba. Anzawo oyanika nawo m'chitentimo anali atamanga kale matumba. Amayiwo sanatekeseke. Anatola kansomba kamodzi, n'kukayandikiza pa foni, n'kukathyola pakati kuti thyo!

"Mwamva, achemwali? Yonyowa silira chonchi."

Pofika masana matumba anali atakwera minibasi. Masiku ano a ku Limbe zithunzi alibe nazo ntchito. Akaimba amangoti, "Amayi, tathyolani kamodzi timve."