Mbuzi ya ukwati yavala lamba m'galimoto ya achimwene

Mwaswera bwanji nonse? Imvani za lero.

Achimwene a Zuze anabwera ndi chigalimoto chawo chatsopano chija kuti tikatenge amayi ku Marka, pamodzi ndi mbuzi ya ukwati wa m'bale wathu Rozina. Njira yonse amangochiyamikira: "Mlongo, iyi ndi nyumba yoyenda. Mipandoyi ndi chikopa chenicheni, singang'ambike."

Kumbuyo kunadzaza matumba a mpunga, ndiye mbuzi tinaikweza pampando. Titangonyamuka, galimoto inayamba kulira pii pii osaleka. Akuti ikamva kulemera pampando imayesa ndi munthu, imafuna avale lamba. Achimwene anatsika, n'kuimanga mbuzi ija lamba bwinobwino.

Amayi anangoti, "Ine ndakalamba pa kabaza popanda wondimanga lamba. Mbuzi yaona ulemu."

Pofika pa Nsanje boma, mbuzi inali itatafuna lamba uja, yayambapo mpando. Zina zimene inasiya pamenepo sindinena, koma ndi kutentha kwa kunoku, tinatsegula mawindo onse.

Tsono abale, Loweruka Rozina ndi diresi lake loyera akwere momwemo, kapena tikapemphe pikapu yakale ya amalume imene achimwene amaiseka ija?