Amake Odya Dothi

A Fainala Mbewe a ku Lisasadzi akhala akukangana ndi anthu moyo wawo wonse pa mawu amodzi. Anthu amati amadya dothi. Eni ake amati amalawa, ndipo munthu wosadziwa kusiyana kwa kulawa ndi kudya asamapatsidwe mphika wa ndiwo pamaliro.

Lusoli analitenga kwa mayi awo, amene ankaumba mbiya. Dongo labwino silidziwika ndi maso. Umatsina pang'ono n'kuika pamano akutsogolo. Likalira m'mano ndiye kuti mchenga wachuluka, mphika wake sulimba. Likamata ngati phala la dzulo ndi makande, mphika ung'aluka usanaume. Loyenera lili pakati pa awiriwa, ndipo ukalipeza umalavula n'kuyamba kukumba.

Atatengedwa kupita kwa amuna awo, apongozi anawapeza kuseri kwa chigafa cha fodya akuluma kachibuma. Kuno aliyense amadziwa kuti mkazi akayamba kulakalaka dothi ndiye kuti zinthu zatheka. Apongozi sanafunse kanthu. Anawalanda khasu, anawaletsa kusenza nkhuni, ndipo a Fainala, poona kuti kupuma n'kokoma, anangokhala chete. Miyezi isanu ndi inayi inatha, kenako zaka, mwana osabwera. Anzawo onse anasintha mayina, uyu amake Vincent, uyo amake Esitere, iwo n'kukhalabe a Fainala mpaka imvi. Zinkawapweteka kwambiri, koma sanauzepo munthu.

Zaka makumi atatu anasoka fodya ndi amuna awo. Bambowo atamwalira anamusiya fodyayo, amvekere ndi mlendo wadyera, amadya nthaka, amadya mitengo, n'kumalizira msana wa mwini munda. Anabwerera ku dongo. Anayamba kuumba mbaula ndi mitsuko, n'kumalima kadimba ka mpiru ndi tomato.

Chaka chatha a Frazer Gondwe, mphunzitsi wa zaulimi pa sekondale ina yapafupi, anayambitsa kalabu ya achinyamata yophunzira za nthaka Loweruka lililonse. Anali ndi mabuku komanso kabokosi koyezera dothi, kamene mankhwala ake anatha sabata yachitatu. Atasowa chochita anakapempha a Fainala kuti adzathandize. Walira mvula walira matope.

A Fainala anafika ndi mano awo. Anaphunzitsa atsikana khumi ndi awiri ndi anyamata asanu kupanga manyowa, kupota dothi lonyowa m'manja kuti aone ngati liduka, kuumba mbaula yosang'aluka, komanso kulawa. Anawo anayamba kudziwa katondo, makande ndi mchenga atatsinzina. Kwa nthawi yoyamba a Fainala anaona kuti zimene mayi awo anawasiyira sizipita nawo kumanda, moti Lachisanu ankayamba kale kuwerenga maola.

Tsiku lina amake Elube anapeza mwana wawo, wa Fomu 2, atanjuta pachulu akutafuna dothi atatsinzina. Nawonso sanafunse kanthu, anangogwira kumutu. Pofika Lachitatu, m'mphekesera za m'mudzi, atsikana a pathupi anali asanu ndi awiri, Lachisanu anali onse khumi ndi awiri, ndipo abambo ena anali atayamba kuwayang'ana a Frazer ndi diso lofiira. Makolo anaitanitsa msonkhano kutchalitchi mapemphero atatha, kuti kalabuyo itsekedwe.

Wotsogolera anali a Kalekeni, mkulu wa mpingo amene akaimirira saona mpando mpaka anthu atayamba kuyasamula. Anafotokoza kuti m'masiku awo ana ankaphunzira nthaka ndi khasu, osati ndi kukamwa. A Frazer anayesa kutsegula buku kuti aonetse tsamba lina, koma palibe anafuna kumva Chingerezi tsiku limenelo.

A Fainala anaimirira n'kukumbutsa a Kalekeni kuti mdzukulu wawo Chance, mnyamata wa ndevu zoyamba kumera, ndi amene amalawa dothi kuposa onse, choncho ayambiretu kumugulira matewera. Anthu anaseka, koma amake Elube sanaseke. Anati mwamuna ndi mwamuna, koma mtsikana saluma dothi popanda chifukwa, zimenezi ngakhale wakhungu amazidziwa.

Apa a Fainala anayang'ana pakhomo. Akadatha kutuluka, kalabu n'kufa, chisoni chawo n'kukhalabe chawochawo. M'malo mwake ananena pagulu zimene sananenepo ngakhale kwa amuna awo.

"Amake Elube, ine ndaluma dothi zaka makumi anayi. Kukadakhala kuti aliyense woluma dothi ali ndi pakati, bwenzi ana anga atadzaza tchalitchi chino. Ali kuti? Ndilozereni mmodzi yekha ndimutengere kunyumba."

Amayi amene zaka zonsezi ankanong'onezana a Fainala akadutsa anayamba kukonza mipango imene sinali yomasuka. A Kalekeni anatsokomola, n'kunena kuti nthawi yatha, wina atseke ndi pemphero. Za kutseka kalabu palibe anazitchulanso.

Loweruka lotsatira ana onse anabwera. Chance anafika ndi dothi m'kapepala ka shuga, akuti lachokera kwa munthu wina amene sakufuna kutchulidwa. Elube analawa, n'kulavula, ndipo anati munda wa munthuyo watopa, ukufunika manyowa ndi mtedza zaka ziwiri, komanso agogo ake a Chance asiye kuumiriza fodya pamchenga.

Anthu a ku Lisasadzi sakhala nthawi yaitali opanda chonena. Poona a Fainala akupita kudambo, ana khumi ndi asanu ndi awiri ali pambuyo ndi makasu ndi ndowa, amayi a pamjigo anawapeka dzina lachipongwe. Mmodzi anakuwa kuti, "Mwadzuka bwanji, amake odya dothi?"

Elube anadikira kuti amve za kulawa ndi kudya, monga mwa masiku onse. A Fainala sanakonze mawu alionse. Anatembenuka msanga, ngati akuopa kuti wina ayankha iwo asanayankhe.

"Tadzuka, kaya inu. Tadzuka tonse ndi ana omwe."