Njinga Imene Ndinabisa

Achimwene anayamba kutola zitsulo za njinga zaka zija Moatize anadzaza ndi anthu odzafuna ntchito ya malasha. Tonse awiri tinali titatsika kuchokera kwathu ku Zóbuè. Iwo ankawotcherera zitsulo pa empreza ina, kampani yaing'ono yogwira ntchito za mgodi, ine ndinkakonza mabuleki a magalimoto pa ofisina, kagalaja ka m'mbali mwa msewu. Tinkakhala mpanda umodzi ku dera la 25 de Setembro, ine ndi mkazi wanga nyumba yakutsogolo, iwo kachipinda kakumbuyo, poti banja lawo linali litatha kale ndipo mwana analibe.

Anzawo onse akalandira ankathamangira njinga zamoto. Iwo ayi. Loweruka lililonse ankazungulira kwa ogulitsa zitsulo zakutha n'kubwera ndi kanthu kamodzi m'thumba: handulo, habu ya gudumu, nthawi zina bawuti basi. Ine pakamwa panga sipachedwa, ndinkawaseka mosabisa.

"Achimwene, munthu wolandira bwino ngati inu, kumatolatola ngati nkhuku?"

"Iwe umadziwa chiyani," ankatero. "Njinga ya m'sitolo anapangira munthu amene sakumudziwa. Iyi ndikupangira miyendo yanga."

Ankafuna njinga ya ulendo wautali, ya magiya okwerera mapiri ndi makaliyala awiri, kutsogolo ndi kumbuyo. Ankati adzakwera nayo mpaka kwathu, akapume masiku awiri kwa amayi, kenako apitirire ku Angónia kumene sanafikeko chibadwire. Felemu anaipeza ku Benga kwa msodzi wina amene ankayanikapo ukonde. Anaidula, anaitalikitsa pang'ono kumbuyo kuti chidendene chisamagunde katundu, n'kuiwotcherera bwinobwino moti sungaone polumikiza. Gudumu lakumbuyo analimanga okha, sipoko imodzi imodzi, miyezi iwiri yathunthu. Ankalipachika pa nthambi ya msawu, n'kumalizunguza atayandikiza chala, akumvetsera. Ndikawafunsa kuti litha liti, ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako chinabwera chifuwa. Ena ankati fumbi, ena ankanena zawo zina. Ine sindine dotolo. Chimene ndikudziwa n'chakuti m'miyezi isanu munthu wonyamula yekha silinda ya gasi anafika polephera kunyamula ndowa ya madzi, ndipo m'nyengo ya masika tinakwera nawo kwathu ali m'bokosi.

Kwathu maliro satha ndi kuika m'manda. Pakapita masiku, abale amasonkhananso, katundu yense wa womwalirayo amayalidwa pamkeka, atsibweni n'kugawa. Yense, mpaka singano. Amati katundu akatsalira kwina, mwini wakenso amatsalira komweko. Ndife a Katolika, amayi ndi a m'kwaya, koma zimenezi palibe amazisiya.

Wokatenga katunduyo ku Moatize ndinali ine. Ndinalongedza zovala, nsapato, wailesi, mapoto ndi chipewa chawo chowotcherera. Nditafika pa felemu, gudumu ndi handulo, manja anakana. Ndinadziuza kuti atsibweni akapereka felemuyo kwa msuweni wanga wina wogulitsa makala kuti azikanyamulira matumba, ntchito yonse ija n'kupita pachabe. Zimenezo zinali zoona, koma chilungamo chake n'chakuti ndinkaifuna. Ndinazikulunga m'lona n'kuzikankhira pansi pa bedi langa.

Tsiku logawa, atsibweni anandifunsa pamaso pa onse.

"Mphwanga, zonse ndi zomwezi?"

"Ndi zomwezi."

Anafunsanso kachiwiri monga amachitira, ine n'kuyankha chimodzimodzi. Amayi anayang'ana pamkeka nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine. Ine ndinapatsidwa nsapato.

Nditabwerera ku Moatize ndinayamba kuimaliza. Ndinagula tcheni, chishalo, mapedulo, makaliyala, mabuleki ndi matayala. Gudumu lakutsogolo ndinamanga ndekha, kutengera la achimwene, ndipo linanditengera mlungu umodzi wokha, zomwe ndinkanyadira nazo ngati chitsiru. Pa habu ya gudumu lawo panali patatsala chidindo cha chala chawo m'girisi wouma. Ndinkapukuta paliponse, koma pamenepo ndinkalambalala.

Sindidzanama kuti ndinaona mzukwa. Sindinaone kanthu. Koma masana ena, dzuwa lili paliwombo, kopanda ngakhale kamphepo, ndinatuluka m'nyumba n'kupeza njinga ili chipachikire pa msawu paja, gudumu lakumbuyo likuzungulira pang'onopang'ono, likulira tche, tche, tche. Lakutsogolo lili duu. Ndinafunsa mkazi wanga ngati waikhudza, iye anati chinthu chimenecho sangachikhudze ngakhale ndi ndodo. Mwina inagundidwa ndi nkhuku. Ndinadziuza choncho, koma tsiku limenelo sindinadye.

Itatha, ndinayamba kupita nayo ku ntchito. Anthu ankandiimitsa kufunsa kuti ndinagula kuti. Pamalo athyathyathya inkathamanga ngati ikudziyendera yokha, koma pakachitunda kalikonse ndinkamva kulemera kumbuyo, ngati pakaliyala pakhala munthu wamkulu. Ndinkacheuka. Kangapo konse ndinatsala pang'ono kulowa pansi pa galimoto ya malasha chifukwa chocheuka.

Kwathu ndinasiya kupitako. Khirisimasi inadutsa, Pasaka inadutsa, ine ndili ndi zifukwa: shefi, bwana wanga, wakana tchuthi, ntchito yachuluka. Amayi pafoni sankatalikitsa. Ankangoti, "Ubwera liti?" basi, ine n'kumamva nkhuku zikulira kumbuyo kwawo.

Wondiuza zoona anali mkazi wanga, mwana wa ku Benga wosadziwa kuzungulira nkhani.

"Bambo, mwawonda. Mumalankhula nokha pa msawu apo ngati muli ndi mnzanu. Chinthu cha eni ake chipite kwawo, apo ayi ndipite ine kwathu."

Ndinapsa mtima, ndinamuuza kuti za kwathu asalowererepo, ndinamenyetsa chitseko. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Patapita mlungu ndinapempha masiku anayi ku ofisina.

Apa ndiye ndinalakwitsa kachiwiri, ndipo ndinalakwitsa ndikudziyesa wanzeru. Ndinaganiza kuti ndikafika nayo yathunthu, yopentedwa, nditayenda ulendo umene achimwene ankafuna, onse adzaona kuti ndinawalemekeza. Ndinaitsuka, ndinaipaka utoto wobiriwira, ndinamangirira madzi ndi chikwama pamakaliyala n'kunyamuka m'mamawa.

Msewu wa ku Zóbuè ukauyenda pa shapa, minibasi ya kuno, umauona waufupi. Panjinga ndi nkhani ina. Malori opita ku Malawi ankandikankhira kutchire ndi mphepo yawo, fumbi n'kudzaza m'kamwa. Milambe inayamba kuchepa, matumba a makala m'mbali mwa msewu n'kumachuluka. Ndinagona ku Cambulatsitsi kwa mnzanga wina wakale, m'mawa n'kupitirira. Ndisanafike pa Mussacama gudumu langa lakutsogolo linayamba kugwedera, ndinakhala pansi pa mtengo kukunga masipoko kawiri konse. La achimwene silinapotoke ngakhale pang'ono. Ndipo pa zitunda zija zokwera ku Zóbuè kulemera kuja kunabweranso, kuposa masiku onse. Ulendo uno sindinacheuke. Ndinangoti, "Tatsala pang'ono, achimwene," n'kupitiriza kupalasa misozi ikutsika.

Ndinafika dzuwa litapendeka. Amayi anali pakhonde akusankha nyemba. Ataona njinga ikulowa panjira ya pakati pa nthochi anaimirira msangamsanga, lichero n'kugwa, nyemba mbwee pansi. Ndinaona nkhope yawo ikuwala, kenako kuwalako kunazima nditayandikira.

"Ndiwe," anatero.

Ndinatsika, ndinagwada, ndinayamba kufotokoza. Sanandilole kumaliza.

"Ndinkadziwa. Mkulu wako ankandiimbira Lamulungu lililonse, nkhani yake inali yomweyi. Lero ndapeza ichi, lero ndamanga icho. Anandiuza kuti ndidzamuona akulowera pa nthochi apo." Anawerama kutola nyemba. "Tsiku lija pamkeka ndinaifuna, sindinaione. Ndinati mwana wanga wina wapita, ndimuchititse manyazi wotsalayu pamaso pa anthu? Ndinakhala chete. Koma chiyambire tsiku limenelo, njinga iliyonse ikadutsa pamsewu ndimadzutsa mutu. Chaka ndi miyezi, mwanawe. Ndatopa."

Ine ndinkaganiza kuti wovutika ndi njingayi ndine ndekha.

M'mawa mwake anaitanitsa atsibweni. Panalibenso anthu ena, tinali atatu basi. Mkeka unayalidwa pabwalo, ine ndinaimika njinga pambali pake, ikunyezimira. Atsibweni anaizungulira, anagwira chishalo, anati ndi yokongola ndithu. Mumtima ndinayamba kuyembekeza kuti mwina anena kuti ikhale yanga.

Amayi anati, "Zimene anasiya iye ndi ziti?"

Ndinaloza felemu, gudumu lakumbuyo ndi handulo.

"Zinazo?"

"Ndi zanga, amayi. Ndinawonjezera kuti ithe."

"Za wamoyo sizikhala pamkeka uwu. Masula."

Ndinayang'ana atsibweni kuti andithandize, iwo anayang'ana kumbali. Ndinatulutsa sipanala m'chikwama. Zimene ndinamanga kwa miyezi zinamasuka ola limodzi lisanakwane. Ndinachotsa chishalo, tcheni, mapedulo, makaliyala, mabuleki, gudumu langa, ndinavula tayala pa gudumu lawo. Pamkeka panatsala zinthu zitatu, monga mmene zinalili m'kachipinda kaja. Amayi anakhala pansi, anakokera gudumulo pamiyendo pawo, n'kuyamba kulira maliro, mokweza, akutchula mwana wawo ngati bokosi langofika kumene. Anthu oyandikana nafe anayamba kutuluka m'nyumba zawo, azimayi akumanga zitenje, akubwera kudzakhala pansi.

Kulira kutatsika, atsibweni anakonza kukhosi n'kundiyang'ana.

"Mphwanga, zonse ndi zomwezi?"

"Ndi zomwezi, atsibweni."

Felemu ndi handulo anati zipite kwa msuweni wanga wa makala uja. Gudumu anapatsa amayi. Ine sanandipatse kanthu, ndipo sindinafunse.

Ndinabwerera ku Moatize pa shapa, thumba la zitsulo zanga lili pamiyendo. Pondiperekeza, amayi anaima nane m'mbali mwa msewu. Njinga ziwiri zinadutsa zitasenza kabichi, mabelu akulira, iwo sanadzutse mutu, anapitiriza kundiuza za mbewu ya nyemba yoti ndikapatse mkazi wanga.