Akangaude a Kuseri kwa Kabati

Alamu anga a Elliot anabadwa ndi makutu aakulu, moti mzamba anawakoka khutu poyesa ndi mkono. Makutuwo anawathandiza pantchito yoperekera zakudya paloji ina ku Senga Bay, poti ankamva njala ya mlendo mwiniwake asanadzuke n'komwe.

Kumeneko mlendo wina anawaikira pawailesi yake nyimbo imodzi kawiri, yakwawo kwa mlendoyo, yakalekale, yopanda mawu, ya azeze ambirimbiri. Koyamba inalira ndi zida zamakono, yosalala ngati mafuta. Kachiwiri wotsogolera oimba wina anaiimbitsa ndi zida za m'nthawi ya mwini nyimboyo, za nsambo za matumbo a nkhosa. Inamveka yopepuka, yosasa pang'ono. A Elliot anangoti njo ndi mbale m'manja mpaka chambo chinazizira, n'kudzuka, n'kubwerera kunyanja. Kusasako kunawakumbutsa mganda wa malemu bambo awo.

Atapuma ntchito anayamba kutsogolera mganda ku Lifuwu. Anyamata ankamata malipenga awo a zipanda ndi pepala la jumbo. A Elliot ankadandaula kuti kale ankamata ndi kansalu koyera kamene kangaude amafunditsa mazira ake pakhoma. Ankati jumbo imakuwa, koma kangaude amalota.

Tsoka ilo, makutu aja anayamba kutsekeka, ndipo a Elliot ankalakalaka atamvanso kulira kwakaleko asanagontheretu. Tsoka linanso n'lakuti anakwatira mlongo wanga Stella, wokonza zipinda paloji yomweyo, amene akangaude a Salima yense amathawira ku Dedza akangomva tsache lake.

A Elliot anamupempha kuti asiye ngodya imodzi osasesa, akangaude aikiremo mazira. Stella anakana, ati anthu angamuyese mkazi wauve. Koma tsiku lina anawaitana ali pafupi pomwepo, iwo osacheuka. Kuyambira pamenepo tsache linkalambalala kuseri kwa kabati, ndipo akangaude anabwerako ku Dedza ndi akatundu awo pamutu.

Mpunga utakololedwa, malipenga onse anamatidwa mwachikale. A Elliot anakweza kandodo kawo ali chitsinzire, nachedwetsa ng'oma mpaka akakowa anaima phee m'mlengalenga. Zipanda zinalira mosasa, monga njuchi zakutali.

"Mukumva, bambo a Anna?" Stella anawakuwira m'khutu.

"Taleka kaye, mayi. Bambo anga sanamalize kuimba."

Lero a Elliot samva ngakhale bingu. Ngodya ija Stella sanaisesebe.