Tsiku limene Annastazia ananunkhiza soseji

Kwathu chakudya sanunkhiza. Munthu akakupatsa mbale umalandira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kudya. Wonunkhiza ndi galu, kapena munthu amene akukukayikira kuti wamuthirira mankhwala. Annastazia, mnzanga amene ndimakhala naye nyumba imodzi ku Armadale, analeredwa ndi lamulo limeneli, ndipo ndi lomwelo linamutayitsa ntchito yokhayo imene anaikondapo kuno ku Perth.

Ntchito yake ya masiku onse ili ku Midland, kunyumba yosamalirako okalamba. Tisanamizane, ntchito imeneyi ndi ya matewera. Amasambitsa, amapukuta, amasintha zofunda zonyowa, ndipo poweruka fungo limakhala litamulowerera mpaka m'tsitsi. Ine ndine namwino, ndaona zambiri, koma yunifolomu yake ndimamuuza kuti azikavulira kubafa.

Kumeneko anasamalirako agogo ena a Chitaliyana, mayi Concetta, amene mutu unali utayamba kubalalika. Mayina a ana awo anaiwala, koma zakukhitchini sanaiwale. Annastazia akamawapesa tsitsi, iwo ankangoyankhula za tchizi, za maolivi, za kayanikidwe ka soseji, iye n'kumasunga zonse. Mwana wa agogowo, Katherine, anali ndi kabizinesi ku Fremantle, tauni yakale ya padoko kumene asodzi a Chitaliyana anakhazikika kalekale. Ankatenga alendo n'kuyenda nawo wapansi m'misewu, sitolo iyi kulawa tchizi, inayo buledi wa adyo, inayo khofi.

Mliri wa korona utafika mu 2020 malire anatsekedwa, ndipo anyamata a ku Italy amene ankatsogolera alendowo anabwerera kwawo. Azungu a kuno, amene anazolowera kukwera ndege chaka ndi chaka, anasowa kolowera n'kuyamba kukhamukira ku Fremantle. Katherine atamva Annastazia akukambirana ndi agogo aja za tchizi ngati wobadwira komweko, anam'pempha kuti azitsogolera alendo Loweruka lililonse.

Ine ndinaseka mpaka misozi. Mwana wa ku Dowa kuphunzitsa azungu kadyedwe ka azungu anzawo? Ndinapitako kamodzi, sindinabwerezenso. Anthu akuluakulu, ena a imvi, kuzika mphuno mu tchizi cha nkhungu, kutsinzina, kubuula ngati akumva kupweteka, kachidutswa kake kochepa ngati chikhadabo. Ndinachita nseru.

Koma Annastazia pa Loweruka ankasanduka munthu wina. Ankavala diresi la maluwa, kudzola mafuta onunkhira, kukwera sitima akuimba. Anandiuza tsiku lina kuti, "Iwe, sabata yonse anthu amandiitana akadziipitsira. Loweruka lokha ndi pamene amandiitana kuti andifunse nzeru." Ndinasiya kumuseka.

Chimodzi chokha sankachita. Alendo ankawauza kuti anunkhize, poti ndi mmene ntchitoyo imayendera, koma iye mphuno yake sinkayandikira chakudya. Ankalandira ndi manja awiri, kupinda bondo pang'ono, kudya, n'kunena kuti n'zokoma. Eni masitolo anamukonda chifukwa cha ulemu umenewu, makamaka a Carmelo, bambo wokalamba wa sitolo yomalizira, amene ankapanga soseji zouma ndi akazi awo nyengo yozizira iliyonse n'kuzipachika kudenga. Iwo ankamutchula kuti mwana wanga, ndipo chidutswa choyamba chinkakhala chake.

Malire atatsegulidwa mu 2022, korona inalowa mu Perth ndipo kuntchito kwa Annastazia sinasiye munthu. Iye anadwala masiku ochepa, n'kudzuka, koma mphuno inafa. Tinati ibwerera. Inabwereradi, koma inabwerera yopenga. Khofi ankamununkhira ngati chimbudzi. Adyo ngati khoswe wofera kuseri kwa kabati. Tchizi ndi nyama yowuma zinkanunkha ndendende ngati thumba la matewera la ku Midland. Ndikakazinga anyezi ankathawira panja atatseka pakamwa.

Ndinamuuza kuti, "Anna, kawauze a Katherine. Matendawa ndi odziwika, si iwe wekha."

"Ndiye andisunga bwanji? Gaidi wa chakudya wopanda mphuno? Andibweza ku mashifiti a Loweruka ku Midland."

"Nanga uzidya zinthu zokununkha choncho?"

"Ndizimeza basi."

Ndipo ankamezadi. Zimenezi zimandinyansa mpaka lero ndikaziganiza. Munthu kulandira chinthu chimene mphuno yake ikumuuza kuti ndi chonyansa, kuchiika pa lilime, kutafuna anthu akuyang'ana, kumwetulira, n'kunena kuti n'chokoma. Pakati pa sitolo ndi sitolo ankauza alendo kuti ajambule nyumba zakale, iye n'kukhotera kuseri kukasanza. Ankafika kunyumba maso atalowa m'kati, diresi la maluwa lija likumukhwepa. Ndinamukalipira, ndinamunyengerera, ndinaleka.

Chaka chomwecho akazi awo a Carmelo anamwalira. Iwo ndi amene ankayeza mchere ndi dzanja, ndiponso ndi amene ankanunkhiza soseji n'kulamula kuti yapsa kapena ayi. Nyengo yozizira itafika, a Carmelo anapanga soseji okhaokha koyamba pa moyo wawo. Zitauma, Loweruka lina Annastazia anafika ndi gulu lake, n'kuwapeza ataimirira ndi mpeni, soseji imodzi ili pathabwa. Anadula, n'kugawira aliyense, koma anakweza dzanja kuti munthu asadye kaye.

"Mwana wanga," anatero kwa Annastazia, "matenda aja anandipha mphuno, sindimva kanthu. Mayi ako, mkazi wanga, kulibe. Iwe wadya soseji zathu zaka ziwiri, ukuzidziwa. Nunkhiza, undiuze ngati ndakhoza."

Apa ndiye panali poti Annastazia anene zoona, kuti bambo, tili m'gulu limodzi. Koma pamaso pa alendo, mkulu atam'pempha maso ali ndi misozi, kukana kunamukanika. Kumeza anali atazolowera, poti ankayamba wagwira mpweya. Kununkhiza n'kwina, umakokera fungo lonse m'kati. Anakweza kachidutswako, kwa nthawi yoyamba chibadwire, n'kukoka mpweya.

Mimba sidziwa ulemu. Anamva thumba la matewera likum'tsekukira kumaso, khosi linadzikoka lokha, n'kutulutsa phokoso lija aliyense amalidziwa. Anathamangira pakhomo atagwira pakamwa, koma sanafike patali. Alendo, mmodzimmodzi, anabweza zidutswa zawo pathabwa. Mayi wina anapukuta zala ndi kapepala.

Atabwerera anafotokoza zonse, za korona, za khofi, za kusanza kuseri kwa nyumba. Anachita kugwada. Anapempha alendo kuti alawe okha. Bambo wina anayesa, n'kunena kuti kwa iye ili bwinobwino, koma ananena ndi mawu a munthu wopepesa maliro.

A Carmelo anangopukusa mutu. "Iwe ndiwe mwana waulemu," anatero. "Chiyambire sunanenepo kuti chinthu chaipa. Ngakhale tsiku lija ndinapsereza buledi unati ngwokoma. Lero thupi lako lanena zoona, ndiye pakamwa pakufuna kundibisira. Usavutike."

Anakwera pampando n'kuyamba kudula zingwe. Soseji zonse za nyengo imeneyo, zimene anapanga akulira akazi awo, anaziponya m'bini imodziimodzi, Annastazia akuwachonderera. Palibe amene akudziwa ngati zinali zabwino kapena zoipa. Ine ndikukhulupirira kuti zinali zabwino, ndipo zimandiwawa.

Katherine sanamuchotse ntchito. Anachita kumuimbira foni kuti apume, akachira abwerere. Annastazia ndi amene anakana. Mphuno inayamba kuchira patapita miyezi, moti lero khofi amamwa, koma a Carmelo sanapangenso soseji, ndipo iye msewu umenewo sadutsamo. Diresi la maluwa analiika m'katundu wotumiza kumudzi.

Masiku ano Loweruka amakwera sitima ya ku Midland atavala yunifolomu. Nditamufunsa ngati fungo la kumeneko silimutopetsa, anayankha akumanga nsapato, osandiyang'ana. Anati kumeneko chinthu chikanunkha amanena kuti chanunkha, ndipo anthu amamukhulupirira.