A Waya ndi Sewero Lopanda Bodza

A Waya anagwira ntchito yoyatsa magetsi m'holo yathu ya zisudzo zaka makumi atatu ndi ziwiri. Ine ndinawapeza ali momwemo kale pamene ndinayamba kusoka zovala za ochita masewero. Dzina limeneli linachokera m'matumba mwawo. Mukawapempha chingwe, phini kapena batani, iwo ankapisa dzanja m'thumba n'kutulutsa kachidutswa ka waya, amvekere, "Kameneka kagwira ntchito yomweyo." Anali munthu wamfupi, wa mapewa otambalala, wa dazi lonyezimira, moti tinkawaseka kuti magetsi akadzathima sitidzavutika, tidzangowaimika iwowo pakati pa siteji.

Malo awo anali kakhonde ka matabwa pamwamba pa khomo lolowera, kokwerera pa makwerero achitsulo. Kumeneko kunali bokosi la maswichi, mpando wopanda chotsamira ndi kapu ya tiyi yomwe inali itada m'kati. Akakhala pamenepo ankaona holo yonse, koma iwo sankaonedwa ndi munthu.

Akazi awo tinkawatcha a Mfumukazi, chifukwa ndi mbali imene anachita m'sewero lawo loyamba ali mtsikana. Tsiku limenelo magetsi anathima sewero lili pakati, ndipo anthu anathamangira kukaitana mnyamata wina wokonza mawailesi pa sitolo ya tsidya lina la msewu. Mnyamatayo anali a Waya. Ankakonda kufotokoza kuti atalowa m'holo anapeza mdima wokhawokha, koma mumdimamo munali mawu a mkazi akupitirizabe kulamula asilikali ake ngati palibe chachitika. Atalumikiza pomwe panaduka, kuwala kunagwera pa mtsikana wovala chipewa chachifumu cha katoni.

"Ndinangoti basi, za mawailesi zathera pompa," ankatero, a Mfumukazi ali pambali akupukusa mutu kuti nkhaniyi aimva kokwanira.

Anakwatirana, nabereka mwana mmodzi wamkazi amene tsopano ndi namwino kutali ndi kuno. M'mawa uliwonse a Waya ankapukuta nsapato za akazi awo asanapukute zawo. Popita ku holo ankawanyamulira chikwama. Banja lililonse la m'gulu lathu likayambana, tinkaloza iwowo kuti taonani anzanu.

Chaka chimene ndikunenachi kunabwera mtsikana wina kudzatsogolera masewero athu, atangomaliza maphunziro a zisudzo. Sabata isanathe anali atalandira kale dzina lakuti a Yesaninso, poti kanthu kalikonse mukachita, ngakhale kutsegula chitseko, ankati, "Mwachita bwino, koma yesaninso." Anali wakhama ndi waulemu, ndipo mutu wake unali wodzaza ndi zinthu zimene ife sitinazionepo.

Anatiuza kuti akufuna sewero lofufuza kuti chikondi n'chiyani. Silikhala ndi mawu oloweza, silikhala ndi siteji, silikhalanso ndi zovala zapadera.

"Nanga telala adya chiyani?" ndinafunsa ine.

Anaseka n'kundipatsa ntchito yosoka nsalu zakuda zotchingira mazenera onse, chifukwa seweroli linkachitika Loweruka masana ndipo ankafuna mdima. Pakati pa holo panaikidwa mipando isanu ya ochita sewero, oonerera n'kukhala mozungulira. Pakhomo munthu aliyense ankapatsidwa kapepala kuti alembe funso lililonse lokhudza chikondi n'kuliponya m'basiketi. Wochita sewero ankatola funso, kuliwerenga mokweza, n'kuyankha za moyo wake weniweni. Lamulo linali limodzi, osanama. Funso likakulemera unali ndi ufulu wonena kuti "ndapitirira" n'kutola lina. Nyali inali imodzi yokha, ndipo a Waya ankaitembenuza ndi dzanja kuti igwere pa amene akuyankhula.

Poyeserera, mafunso tinkalemba tokha. Masiku oyamba tinkafa nazo kuseka. Wina anaulula kuti kalata yake yoyamba yachikondi anamulembera ndi mlongo wake, ndipo mtsikanayo anazindikira zolembazo chifukwa anali mnzake wa mlongoyo. Wina anati amakonda mkazi wake kwambiri akakhala kuti wapita kwawo. A Waya ankaseka kumtunda kuja mpaka nyali n'kumagwedezeka.

Lachitatu lina masana, ine ndili pakona ndikupinda m'mphepete mwa nsalu yomaliza, a Mfumukazi anatola kapepala. Anakawerenga chamumtima kaye, kenako mokweza.

"Kodi munthu amene mumakhala naye m'nyumba mumamukondabe?"

Tonse tinayamba kumwetulira, poganiza kuti funsoli lagwera poyenera. Iwo anasisita kapepalako pa bondo. Ndinaona milomo yawo ikuyamba kupanga mawu, n'kusiya.

"Ayi," anatero. "Ndinasiya kalekale."

Singano inandibaya chala koma sindinamve.

"Sanandilakwire chilichonse. Sanandimenyepo, sanandinyozepo, sanagonepo kunja. Koma tsiku lina m'mawa ndinawaona atakhala pakhomo akupukuta nsapato zanga, ndipo ndinadikira kuti mtima wanga unene kanthu. Sunanene. Ndinati mwina ndi kutopa, mawa zibwerera. Papita zaka khumi ndi chimodzi ndikudikirabe mawa limenelo."

A Yesaninso anatseka kope limene linali m'manja mwawo. Kenako anayankhula chapansipansi.

"Zimitsani, a Waya."

Nyali sinazime. Inakhalabe pa nkhope ya a Mfumukazi, osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo iwo sanaphimbe maso. Kenako inathima. Tinamva mapazi akutsika makwerero limodzi limodzi. Atafika pansi a Waya anati babu latentha kwambiri, liyenera kupuma, ndipo anatuluka. Koma sanapite patali. Tinawapeza panja ataima pafupi ndi geti, chikwama cha akazi awo chili paphewa, akuwadikira kuti azipita.

Zimene zinachitika kunyumba a Waya anandiuza okha patapita miyezi. Akuti atalowa m'nyumba, a Waya anatereka ketulo, anathira tiyi m'makapu awiri, n'kukhala pansi.

"Amayi, zija zinali za sewero?"

"Ayi, abambo."

"Mukanatha kungoti ndapitirira."

"Ndakhala ndikupitirira zaka zonsezi. Lero pakamwa panakana."

"Pali wina?"

"Palibe. Kukanakhala wina bwenzi zili bwinoko, bwenzi muli ndi munthu womukwiyira."

Akuti kenako a Waya anafunsa chimene angasinthe, kaya ndi mayankhulidwe, kaya kavalidwe, kaya kuliza mkonono. A Mfumukazi analira. Anawagwira dzanja n'kunena kuti palibe chimene chinaonongeka choti munthu n'kukonza, ndipo akanakonda chikanakhalapo.

M'mawa mwake a Yesaninso anakwera makwerero aja koyamba chibwerere, maso ali ofiira. Ine ndinali pansi pake ndikupachika nsalu, ndiye ndinamva zonse.

"Bambo, mundikhululukire. Funso lija ndinalemba ndine. Ndinkaganiza kuti litipatsa nkhani yokoma yotsekera. Ngati mukufuna, seweroli tilisiya."

"Mwana wanga, iwe unangofunsa," anayankha a Waya. "Kafunse mwini wake. Akati apitiriza, ine nyali ndiyatsa."

A Mfumukazi anati apitiriza. Ambiri m'gulu anawaona ngati ouma mtima, ndipo inenso ndinatha masiku osawapatsa moni wabwino. Koma tsiku lina anabwera ku kachipinda kanga kosokera, anakhala pa mulu wa nsalu, n'kundiuza kuti chiyambire Lachitatu lija akugona tulo tabwino koyamba m'zaka zambiri, ndipo zimenezi n'zimene zikuwachititsa manyazi koposa. Ndinangowapatsa ulusi kuti andilowetsere pa singano.

Seweroli linachitika Loweruka kasanu ndi kamodzi. Mafunso ankasintha chifukwa ankalemba ndi oonerera, koma mbiri inamveka kuti kuli mayi wina amene amaulula zoopsa, choncho anthu anayamba kulemba dala funso lomwe lija. Holo inkadzaza mpaka ena kukhala pansi. Nthawi iliyonse likawagwera, a Mfumukazi ankayankha zoona, ndipo anthu ankaomba m'manja. Pakhomo ndinamva mayi wina akuuza mnzake kuti, "Koma mayi aja amatha sewero, munthu ungaganize kuti ndi zenizeni."

M'masabata amenewo a Waya anayesa zonse zimene ankadziwa. Anasiya kupukuta nsapato zija, poganiza kuti mwina ndi zimene zinawatopetsa, kenako anayambiranso chifukwa m'mawa manja ankawayabwa. Anabwera kwa ine kuti ndiwasokere malaya a maluwa, munthu amene moyo wake wonse ankavala ovolosi yabuluu. Anawatengera akazi awo kokadya ku lesitilanti, ndipo akuti a Mfumukazi anayamikira chakudya, anayamikira malaya, anawachotsa kaulusi paphewa mwaulemu ngati mmene munthu amachitira ndi mlendo.

"Akanangonditukwana, achemwali," a Waya anandiuza. "Ulemu umenewu ndi umene ukundimaliza."

Mwana wawo namwino uja atamva, anakwera basi n'kubwera atakwiya. Anauza mayi ake kuti awachititsa manyazi bambo ake pamaso pa anthu, ndipo pa msinkhu umenewo munthu safunsanso za chikondi, amangokhala. A Waya anamudula mawu.

"Usawayankhule choncho amayi ako. Anandiphikira, anandichapira, anandidwazika zaka khumi ndi chimodzi mtima wawo ulibemo. Iweyo ungathe?"

Loweruka lomaliza, a Mfumukazi atayankha monga mwa masiku onse, bambo wina mwa oonerera anaphwanya dongosolo n'kufunsa mokweza ali pampando.

"Nanga amuna anuwo akudziwa zimenezi?"

"Akudziwa," anatero a Mfumukazi. "Ndi amene akundiunikirawa."

Mitu yonse inatembenuka kuyang'ana kumtunda. Palibe anaona kanthu, kuwala kunkawathobwa m'maso. Ulendo uno palibe amene anaomba m'manja. Kuwala kuja kunatsetsereka pang'ono kuchoka pankhope ya a Mfumukazi kukagwera pansi, kenako kunabwerera. Anthu atatuluka ndinakwera kukawaona. Ndinawapeza atakhala pa kampando kawo, dzanja lili pa chogwirira cha nyali, ndipo chikhato chinali chitapsa chifukwa anaiwala kuvala golovesi. Ndinawamanga ndi kansalu, iwo akungonena kuti si kanthu, si kanthu.

Mwezi wotsatira a Mfumukazi anasamukira kwa akulu awo, amene anali ndi chipinda chapadera kuseri kwa nyumba. Panalibe kukangana. A Waya ndi amene anakafuna lole, ndi amene anamasula bedi ndi kutsitsa kabati. Atafika kumeneko anaona kuti chipindacho chilibe poyatsira wailesi pafupi ndi bedi, ndipo anabwerera tsiku lotsatira ndi zida zawo kukaikapo. Alamu awo anawapatsa madzi akumwa, n'kunena kuti sakumvetsa mng'ono wawo. A Waya anangoti, "Alamu, muziwakumbutsa mankhwala a chifuwa, amaiwala."

Anagwirabe ntchito m'holo chaka china chathunthu. Ankapatsana moni ndi a Mfumukazi pakhomo, ndipo ankawaunikira m'masewero ena, a mawu oloweza ndi zovala zanga. Koma anasiya kuseka kumtunda kuja, ndipo anaonda mpaka ndinawachepetsera ovolosi kawiri. Tsiku lina anauza a Yesaninso kuti mawondo akukana makwerero. Tonse tinavomera kuti ndi mawondo. A Yesaninso sanachititsenso sewero la basiketi lija, ngakhale magulu ena anawapempha kangapo.

Nyumba ija a Waya anaisiya, akuti inakula kwambiri. Tsopano amakhala m'chipinda chimodzi pamwamba pa sitolo ya nsapato, ndipo amakonza maayironi ndi maketulo a anthu a m'deralo patebulo la pafupi ndi zenera. Mwana wawo amawaimbira foni Lamlungu lililonse kuwapempha kuti akakhale naye, iwo amati aganiza kaye. A Mfumukazi akuchitabe zisudzo, ndipo akandiona amandikokera pambali n'kufunsa ngati munthu uja akudya.

Loweruka masana a Waya sakhala pakhomo. Amayenda ulendo wautali kupita ku bwalo la mpira kumapeto kwa tauni, munthu amene kale sankadziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati. Sabata yatha ndinakumana nawo akubwerera, fumbi lili m'miyendo, nyuzipepala yokhalira ili m'khwapa. Ndinawafunsa kuti wapambana ndani.

Anaima n'kuganiza kwenikweni, akukanda dazi lija.

"Aa, achemwali, sindinaone. Koma anthu anakuwa kawiri."

Tinayenda limodzi mpaka pa mphambano, iwo n'kukhotera kwawo.