Masamba a Mapeyala a Mayi

Bambo anga anagwira ntchito m'mabalani a fodya kuyambira unyamata wawo mpaka famu itatengedwa, ife n'kudzagwera ku Hatcliffe m'kachipinda kamodzi. Pafamu paja fodya wonyenyeka wotsala posankha ankangowapatsa antchito ulere. Ndi chokhacho chimene mwini famu sankaumira. Bambo ankamupichira m'nyuzipepala, ndipo chizolowezicho anabwera nacho m'tauni.

Mpweya unayamba kuwathera pang'onopang'ono. Kuchoka pakhomo kukafika poima makombi, maminibasi a kuno, ankapuma katatu. Mayi anagamula okha kuti ndi kuchepa kwa magazi. Kwathu munthu akangofooka, mlandu umagwera magazi basi. Ankapita mpaka ku Tafara kwa mlamu wawo kukathyola masamba a mapeyala, n'kuwiritsa mpaka madzi atafiira, kuwamwetsa m'mawa ndi madzulo. Anawonjezeranso mapiritsi a ayironi amene ananditsalira nditabereka mwana wachiwiri.

Ndine ndinawatengera bambo kuchipatala. Dokotala, mtsikana wa msinkhu wanga, anati magazi si ochepa, achita kuchuluka chifukwa mapapo akulephera kukoka mpweya. Anati utsi wa fodya umachititsa ayironi kuunjikana m'mapapo, ndipo akachuluka amawadya m'kati ngati dzimbiri pa lata. Mapiritsi aja tisiye.

Nditafika kunyumba ndinawataya m'chimbudzi mayi akuona. Za masamba dokotala sananene kanthu, koma poto wa masambawo nayenso ndinamukhuthula pansi. Ndinalankhula mwamwano, ndikuvomera. Mtima unali utandiwawa ndi famu, ndi fodya, ndi bambo amene ankazembera kuseri kwa nyumba n'kumasutabe. Koma amene anali pafupi kuti ndiwakalipire anali mayi.

Bambo anamwalira nyengo yozizira yotsatira, atakhala tsonga, pakuti akagona ankabanika. Pamaliro aliyense ankati ndi chifuniro cha Mulungu. Palibe anatchula fodya, ndipo anzawo a kufamu ankapatsirana ndudu pansi pa tenti pomwepo.

Patatha sabata tinali kupinda zovala zawo. Mayi anayankhula osandiyang'ana.

"Pamene ndinkawamwetsa masamba anga, bambo ako ankayenda. Iwe ndi dokotala wako mwandiphera mwamuna."

Ndinayesa kufotokozanso za mapapo, iwo n'kumangopinda malaya. Mpaka lero akadwala amauza mchimwene wanga, ine ndimangomvera kwa anthu.